Buleki Samwa Mafuta

Uthenga unafika Lachiwiri wonena kuti tchenibuloko ya ku chigayo cha azitona cha a Haji Belgacem yakana kuyenda, koma a Jilani, mmisiri wa zitsulo m'mudzimo, sananyamuke mpaka Lachinayi. Sikuti anali ndi ntchito ina ayi. Ankangofuna kuti a Haji nawonso alaweko kudikira munthu. Akanafika nazo Loweruka, koma m'mawa wa Lachinayilo Mabrouka, mwana wawo wamkazi, anabwera ndi mkate wotentha m'kansalu, nakhala pakhomo duu.

Mwamuna wa Mabrouka, Lazhar, ndiye ankasema miyala ya zigayo m'mudzimo. Chaka ndi chaka, nyengo yoyenga mafuta isanayambe, mwala waukulu wopera unkakwezedwa m'mwamba ndi tchenibulokoyo, chida cha unyolo ndi magudumu, iye n'kulowa pansi pake ndi tchizulo kukasema mano atsopano pa mphero yapansi.

"Ndamva," anatero a Jilani ngakhale mwana wawoyo anali asanatsegule pakamwa. "Usade nkhawa. Mutu wa mwamuna wako ndi wolimba kuposa mwalawo. Utamugwera, ungasweke ndi mwala."

"Manja ake si olimba choncho, Baba."

A Jilani ananyema mkate, natafuna pang'onopang'ono. Atatha anatenga thumba la zida, naikamo botolo la palafini, kachitini ka girisi ndi kaphukusi kokulunga m'nyuzipepala. Atafika pakhomo anaima, anaganiza pang'ono, nabwerera kukatenga kaphukusi kena kofanana nako.

Chigayocho chinali m'phanga lokumbidwa m'mbali mwa phiri. Ngamila yokoka mwala inali itagona panja, ikubzikula, ikuyang'ana anthu monyoza monga zimachitira ngamila. A Jilani anaipatsa moni iyo poyamba, poti ankati pamalopo ndi yokhayo imene inkadziwa ntchito yake. M'katimo munali fungo la mafuta a zaka zambiri. Mwala unali chiimire pamphero, ndipo pamwamba pake, pa mtanda wachitsulo, panalendewera tchenibuloko yakuda bii, yonata, ngati mbuzi imene yaiwalika pa ngowe ya wogulitsa nyama.

"Mtendere ukhale nanu, Si Jilani," anatero a Haji Belgacem, poti kumeneko "Si" ndiye mawu aulemu, atavala mkanjo woyera ndi chipewa chofiira. "Timayesa mwasamukira ku mzinda wa Gabes."

"Nanunso mtendere, a Haji. Ndikanasamuka, koma zitsulo za m'mudzi muno zikanalira ndi yani?"

Lazhar anapsompsona apongozi akewo paphewa, nakwera makwerero kukatsitsa chinthucho. Anachigoneka pa thumba loyala pakhomo pamene panali kuwala. A Jilani anagwada, namasula mabawuti atatu a chivundikiro cha mbali yokokera. Chivundikirocho chinakana kuchoka mpaka anachitema ndi nsonga ya sikuludiraiva, ndipo chitachoka panatuluka fungo la mafuta osasa. M'kati monse munali ulimbo wokhawokha wofiirira, wosakanikirana ndi fumbi, ubweya wa ngamila ndi mapiko a ntchentche.

A Jilani anapala pang'ono ndi chala, nanunkhiza.

"A Haji, kodi mumaphikiramo?"

"Amenewo ndi mafuta oyamba," anayankha a Haji mosachita manyazi.

Mwambowo a Jilani ankaudziwa bwino, poti anabadwira momwemo. Mafuta oyamba kutuluka pa nyengo iliyonse sankagulitsidwa kapena kudyedwa. Ankathiridwa mumtsuko wadothi wa makutu awiri umene unasiyidwa ndi agogo awo a a Haji. Chaka chikazungulira, Lachisanu lomaliza chigayo chisanatsegulidwe, mwini wake ankaviika chala mumtsukomo n'kudzoza chilichonse chogwira ntchito pamalopo: chitseko, mwala, mtanda, mphumi ya ngamila. Kale, pamene mwala unkakwezedwa ndi chingwe, ankadzoza chingwecho, ndipo chingwe sichinkadandaula. Itagulidwa tchenibuloko, a Haji ankaipaka kunja ndi chala chimodzi. Koma chibwerere ku Maka zaka zitatu zapitazo, dzanja lawo linafewa pa zinthu zimene siziwatengera kanthu. Anasiya chala, nayamba kapu.

"Abambo anga ankati chimene sichinalawe mafuta oyamba ndi mlendo pachigayo," anatero a Haji. "Ndipo mlendo sadalirika."

"Abambo anu anali ndi chingwe. Ichi chili ndi buleki."

A Jilani anazula pini, namasula gudumu la unyolo wokokera, natulutsa zam'kati chimodzichimodzi, akuziyala pathumba m'ndondomeko yake. Ankagwira mofatsa ngati munthu wosambitsa wodwala. Anatsuka chilichonse m'beseni la palafini ndi mswachi wakale mpaka chitsulo chinayamba kuoneka. Pansi pa ulimbo panatuluka kagudumu ka mano, ndi kachala kachitsulo kamene kamagwira manowo, ndi kasipuling'i kake kamene kanali katamira zaka zitatu osapuma. Pomalizira anakweza timbale tiwiri tozungulira, tofewa, tonyowa ngati mkate woviikidwa mumsuzi.

"Lazhar, bwera uone, poti manja ndi ako. Timbale iti timapana kagudumu aka mbali iyi ndi iyi. Mwala ukamalemera, timapananso kwambiri. Palibe china chimene chimagwira mwala uja m'mwamba. Si mtanda, si unyolo, si mtsuko. Ndi iti tiwiriti. Ndipo timagwira ngati tili touma gwa, ngati pakhosi pako masana a Ramadani."

"Nanga zaka zonsezi bwanji sunagwe, Ammi?" anafunsa Lazhar, poti ndimo ankawaitanira apongozi ake mwaulemu.

"Chifukwa mafuta akale anasanduka ulimbo n'kumata zonse. Sunakugwere chifukwa cha litsiro, mwana wanga. Usaliiwale m'mapemphero ako."

Amuna awiri amene anabwera kudzafunsa za tsiku lotsegulira anaseka, koma ataona nkhope ya a Haji anasandutsa kusekako chifuwa.

"Mafuta odalitsika sangawononge chinthu, Si Jilani."

"Nanga bwanji simuwathira mu wailesi?"

"Wailesi sigwira ntchito pachigayo."

"Ili ndi mwayi."

Anamasula kaphukusi koyamba, natulutsa timbale tiwiri tatsopano. Asanatigwire anasamba m'manja ndi sopo kawiri, napukuta ndi nsalu yoyera. Kenaka anatembenuza chinthucho, natsegula mbali ya magiya, naitsuka, naipaka girisi wambiri. Unyolo wonyamula anauyala pansi, naupenda mfundo ndi mfundo, akuyendetsa chala pamene zitsulo zimakhudzana kuti amve ngati zadyeka. Pakamwa pa ngowe anayeza ndi kawaya kamene ankasunga m'chikwama, napeza kuti sipanayasamule. Unyolowo anaupukuta ndi kansanza konyowa ndi oyilo wa galimoto.

"Tamverani, a Haji, ndinene pang'onopang'ono monga ndimanenera kwa adzukulu anga. Mbali iyi imadya girisi. Unyolo umanyambita oyilo pang'ono. Koma buleki samwa kanthu. Mawa mukafuna kudzoza, dzozani kunja, apa, pa chivundikiro. Chala chimodzi."

"Tamva, Si Jilani. Mulungu akudalitsireni manjawo."

Anapachika tchenibuloko ija, nazula mtengo wa pakati pa mwala, napisa lamba pabowopo. A Jilani anakoka unyolo. Tiki, tiki, tiki, kachala kanalira mowala ngati wotchi yatsopano. Mwala unanyamuka kutalika kwa chikhatho, nukhala pomwepo osagwedezeka nthawi yonse imene anamwa tiyi. Atautsitsa anamanga thumba lawo nanyamuka. Koma "tamva" ujayo sanawakomere. Anatuluka mofulumira kwambiri, monga amatulukira kwa munthu amene wamva ndi khutu lokha.

Loweruka m'mawa palibe anawaitana, koma anapita.

Anapeza phanga litadzaza. Alimi anali atayamba kale kuthyola azitona, ndipo ankafuna kuona mwala ukusemedwa kuti adziwe tsiku lobweretsa matumba. Chitseko chinali chonyezimira, mphumi ya ngamila nayonso. Mtsuko wa makutu awiri unali pamalo pake m'kabowo ka m'khoma. Lazhar anali atavula malaya apamwamba, atayala matchizulo ake, akumanga kansalu kumutu.

A Jilani anakweza maso. Nyerere zinali zitatsika pamtanda mumzere, zikulowa pansi pa chivundikiro. Mitu ya mabawuti atatu aja inali yokandika ndi pulayala. Anangopempha kuti akoke okha, ndipo anthu anawapatsa njira. Kachala kanalira, koma osati monga Lachinayi. Kankangoti nyapu, nyapu, ngati nkhalamba yopanda mano ikudya phala.

Anakweza mwala mpaka kufika m'chiuno mwa munthu, nasiya unyolo. Mwala unakhala. Lazhar anatola tchizulo nawerama kuti alowe, koma a Jilani anamugwira lamba wa buluku.

"Sulowa."

"Ammi, anthu akuyang'ana."

"Ayang'ane. Ali ndi ntchito yanji ina lero? A Haji, munathira angati?"

A Haji anakonza chipewa chawo. "Theka la kapu basi. Munatsuka zonse, Si Jilani. Munachisandutsa mlendo. Ndikanalola bwanji mwana wa anthu kulowa pansi pa chinthu chopanda dalitso?"

Anthu anang'ung'udza movomereza. A Jilani anawayang'ana mmodzimmodzi. Onsewo ankawadziwa: amuna amene ankathira mafuta a azitona m'khutu likawawa, pachilonda cha bulu, m'loko wa pachitseko, pamutu pa khanda. Ndipo zambiri mwa izo zinkachiradi, ndiye ukanawauza chiyani?

"Onani nokha, wakhala," anatero mlimi wina dzina lake Houcine, wa ndevu zofiira. "Mwala uli phee. Si Jilani akungofuna titamande girisi wawo wa m'chitini."

"Ammi, ndisiyeni," anatero Lazhar motsitsa mawu. "Agogo anga ankalowa pansi pa chingwe wamba."

"N'chifukwa chake ankawerenga zala zawo mpaka zisanu ndi ziwiri n'kubwereka zala za mnzawo. Ika zipika pansi pake, ndiye ndikusiya."

M'phangamo munali mopanikiza, mopanda poika mwala pambali, ndipo Lazhar sankafuna zipika chifukwa ankati zimatsekereza nyundo. Komanso kuika zipika pansi pa mwala wodzozedwa dzulo lomwe kunali ngati kunena pamaso pa anthu kuti dalitso la a Haji n'lopanda mphamvu. A Jilani anaona kuti mkamwini wawoyo ankaopa manyazi kuposa mwala, ndipo anamunyoza mumtima, koma lamba sanamusiye. Ankakumbukira mmene Mabrouka anakhalira pakhomo paja.

"A Haji," anatero mofatsa, "ine ndine munthu wa zitsulo, za madalitso sindizidziwa. Inu mukuti mafuta agwira mwalawu?"

"Mulungu akalola."

"Ndiye tiyeni tichite chonchi. Tengani mtsuko wa agogo anu, muuike apa pamene Lazhar amaika chifuwa chake. Timwe tiyi makapu atatu. Mwala ukakhala, ndimusiya alowe, ndipo ine ndidzapepesa pakhomo la mzikiti Lachisanu, anthu onse akumva."

A Haji anayang'ana kukhoma kumene kunali mtsuko.

"Mtsuko umenewo si choseweretsa."

"Ayi ndithu. Ndi wa mtengo wapatali. Nanga manja a mkamwini wanga ndiwo choseweretsa?"

"Uikeni, a Haji!" anafuula Houcine. "Timuone Si Jilani akupepesa. Chibadwire sindinamvepo mawu amenewo pakamwa pake."

A Haji analibe kothawira. Akanakana, aliyense akanadziwa kuti iwo eni sakhulupirira zimene amadzoza nazo ena. Anatenga mtsukowo ndi manja awiri, nauika pamphero, pansi penipeni pa mwala, ndipo a Jilani anaona kuti anabweza manja awo msanga kwambiri. A Jilaniwo anakwera makwerero, nalemba kamzere ka choko pa mfundo ya unyolo imene inali pakamwa penipeni pa tchenibuloko, natsika, nauza aliyense kuti akhale kukhoma.

Tiyi woyamba anali wowawa ndi wakuda, ndipo anamwedwa ndi chipongwe chambiri.

"Mwakonza mawu opepesera, Si Jilani? Kapena tikulembereni?"

"Alembe ndi girisi!"

"Musamuseke, wakalamba. Masiku ano amaopa ndi mthunzi wa mbaula yake yomwe."

A Jilani anangomwa tiyi wawo. Maso awo anali pa kamzere ka choko. Pamene ketulo inkabwerera pamakala, kamzereko kanali katatsika kutalika kwa njere ya balere. Palibe wina anaona.

Tiyi wachiwiri ali m'manja, unyolo wokokera unagwedezeka wokha, popanda munthu woukhudza. Unangoti tseche, ngati mchira wa buluzi. Houcine anasiya nthabwala yake pakati. Unyolo uja unayenda mfundo imodzi, kenaka ziwiri, kenaka unayamba kuthamanga ukulira ngati njinga yotsika phiri.

Phwa!

Phanga lonse linanjenjemera, fumbi linagwa kuchokera kudenga, ndipo ngamila panja inadzuka ikubuma. Fumbi litatsika, mwala unali utakhala pamphero ngati sunachokepo. Khutu limodzi la mtsuko linagubuduzika mpaka pa mapazi a Lazhar. Mafuta obiriwira anatuluka pansi pa mwala pang'onopang'ono, natsata ngalande ya m'mbali.

Lazhar anakhala pansi pomwe anaimapo. Anaika manja ake m'khwapa, ngati munthu wobisa chinthu chimene wina akufuna kumulanda.

A Haji anaima nthawi yaitali akuyang'ana mapale. A Jilani anayamba kuwamvera chisoni, poti mtsukowo unali utaona mibadwo itatu, ndipo anali pafupi kunena mawu ofewa. Koma a Haji anakweza manja kumwamba.

"Mulungu ndi wamkulu! Mwaona, abale? Mafuta oyamba alandira tsoka m'malo mwa Lazhar. Chikhala kuti si mtsuko wa agogo, bwenzi lero tikulira maliro."

"Zoonadi," anatero Houcine. "Dalitso lagwira ntchito."

Mitu inagwedezeka m'phanga monse. Wina anatola phale nalipsompsona, naliika m'thumba la malaya.

A Jilani anayang'ana ngamila imene inasuzumira pakhomo, ndipo ngamila inawayang'ana iwo. Mawu ofewa aja anawameza. Anamaliza tiyi wawo amene anali atazizira, natsegula thumba la zida, natulutsa kaphukusi kachiwiri ka m'nyuzipepala.

"Tsitsa chinthucho, Lazhar, ngati miyendo ikukulola."

Lazhar anayang'ana timbale tatsopano tija. "Munabwera ndi tina, Ammi? Munadziwa bwanji?"

"Ndinabadwira m'mudzi muno."

Anayambanso ntchito yonse monga Lachinayi, osafulumira. Anatsuka kagudumu ka mano ndi kachala kake, napukuta mpaka nsalu yoyera inatuluka yoyera. Timbale tonyowa tija anatiponya m'makala a tiyi, ndipo tinayaka bwino kwambiri. Unyolo anaupendanso wonse, mfundo ndi mfundo, kuopa kuti kuthamanga kuja kunauvulaza, ndipo ngowe anaiyezanso ndi kawaya kawo. Atatseka chivundikiro anapisa waya m'mabowo a mabawuti atatu aja, naupota zolimba, naudula mwakuti munthu wa pulayala asapeze pogwira. Alimi ambiri anatopa n'kubwerera kuminda. Pamene tiki, tiki, tiki ankamvekanso m'phangamo, dzuwa linali litapendeka.

Mwala utakwera anausiya m'mwamba kwa makapu atatu athunthu a tiyi, kamzere ka choko osasuntha. Pa nthawiyi Lazhar anatuluka osauzidwa ndi munthu, nabwera ndi zipika ziwiri za mtengo wa azitona, naziimika pansi pa mwala mbali iyi ndi iyi. Sanayang'ane a Haji, ndipo a Haji sanamufunse.

Lazhar ali pafupi kulowa, a Haji anawerama pangalande, naviika chala m'mafuta otayika aja. Anayenda mwakachetechete kupita pa makwerero, chala chili m'mwamba, chikudontha. A Jilani anawatsekera njira, natambasula dzanja lawo lakuda ndi girisi.

"Dzozani pano, a Haji. Ine ndilibe buleki."

A Haji anazengereza, kenaka anapaka chalacho kuseri kwa dzanja la a Jilani, akunong'ona dzina la Mulungu. A Jilani sanapukute. Anagwira unyolo ndi dzanja linalo, ndipo sanausiye nthawi yonse imene nyundo ya Lazhar inkalira pansi pa mwala, ngakhale ankadziwa bwino kuti kugwira kwawoko sikunkathandiza kanthu.

Lazhar atatuluka, woyera mbuu ndi fumbi la mwala, Mabrouka anali pakhomo ndi mbale ya chakudya. Nkhani ya mtsuko inali itamupeza kale kuchitsime, yokometsedwa bwino ndi dalitso lake. Anaika mbale pansi, nagwira zala za mwamuna wake, nazipukuta fumbi ndi nsonga ya mpango wake.

A Jilani anakoleka thumba paphewa.

"Mtenge, mwana wanga. Manja onse awiri alipo. Mutuwo ndiye sindinaukonze, zida zake ndilibe."

Anatsanzika ngamila, natsika phiri.